Ulusi Wofiira Subisa Dzanja la Wosoka

Aliyense amene anavalapo thalauza la jinzi akudziwa kuti nsalu yake imakhala yabuluu pamene ulusi wa m'misoko umakhala wachikasu. Osoka jinzi safuna kuti msoko ubisike, amauonetsera dala. Opanga galimoto nawonso amachita chimodzimodzi. Mukasuzumira m'galimoto zina monga Volkswagen Golf GTI, muona ulusi wofiira utayenda pa chiwongolero, m'mipando, ndiponso pa kachikopa kamene kamaphimba tsinde la ndodo yosinthira magiya. Kachikopa kameneka ndi kamene ndikufuna kukambapo, abale ndi alongo, chifukwa ngakhale ndi kakang'ono, kanatipatsa ntchito ya masiku atatu pakhomo pathu, ndipo kanabweza singano m'banja limene singano inali itayamba kuiwalika.

Ambiri a ife sitikayang'ana n'komwe, ngakhale kuti dzanja lamanzere la woyendetsa limakakhudza kambirimbiri pa ulendo uliwonse. Kamaoneka ngati kathumba kovundikira, kotakata pansi, koning'a pamwamba pamene kamagwira ndodo. Kawirikawiri kamapangidwa ndi tizidutswa tinayi tolumikizana, ndipo m'galimoto zambiri zimene timakwera kuno sikakhala kachikopa kenikeni ayi, koma nsalu yokutidwa ndi pulasitiki yofanana ndi chikopa. Ntchito yake ndi kutseka fumbi, mchenga, makoko a mtedza ndi tindalama tachitsulo kuti zisagwere m'zitsulo zimene zimasuntha posintha giya. M'galimoto zonga Toyota Hilux, momwe ndodo imadutsa pansi n'kukalowa m'bokosi la magiya, kunsi kwa kachikopaka kumakhalanso mphira wotseka kutentha, phokoso ndi fumbi la mumsewu.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 1998, yosintha magiya ndi dzanja, magiya asanu ndi livesi. Inachokera ku Japan itagwirako kale ntchito, monga momwe galimoto zambiri za kuno zimabwerera, ndipo ine ndinaigula kwa munthu amene anaiyendetsanso zaka zingapo. Timakhala ku Liwonde, ndipo amene anakhalako mwezi wa Okotobala akulidziwa dzuwa la m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Galimoto yotsekedwa mazenera ikakhala padzuwa lotere, zinthu za m'kati mwake zimatentha mpaka kuwotcha dzanja. Kutentha kumeneku, pamodzi ndi thukuta la m'manja, kunadya ulusi wakuda wa pa kachikopa kanga. Pamisoko iwiri ulusi unali utaduka, nsonga zake zili nyankhalala ngati ndevu za chimanga, koma nsalu yeniyeniyo inali isanang'ambike.

Ndisanapitirire, ndiyenera kunena za bambo anga, pakuti popanda iwo nkhaniyi sikanakhalapo. Bambo anali telala kwa zaka zoposa 30. Anaphunzira ntchito ali mnyamata pa khonde la sitolo ya Mmwenye, monga anachitira matelala ambiri a nthawi imeneyo: munthu ankagula nsalu m'sitolo, natuluka nayo pakhomo, napeza telala ali chile ndi tepi m'khosi. Amwenye atasamutsidwa m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970, bambo anatsalabe pa khonde lomwelo ndi makina awo a Singer opalasa ndi miyendo. Nsalu zambiri zimene ankasoka zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre. Makina amenewa ndi amene anatilipirira fizi tonse asanu. Koma m'zaka za m'ma 1990 kaunjika anadzaza m'misika, ndipo malaya osokedwa kale ochokera kunja anayamba kutsika mtengo kuposa nsalu yokha yosasoka. Ntchito ya bambo inasanduka yochepetsa mathalauza a pa kaunjika ndi kuika zigamba. Kenaka ng'ala inayamba kuphimba maso awo, ndipo makina anavundikiridwa ndi chitenje pakona ya chipinda.

Ife ana awo palibe amene anaphunzira kusoka. Bambo ankatithamangitsa pa khonde, amvekere, “Pitani mukawerenge, singano isakudyereni msana ngati ine.” Tinawerengadi, ndipo timawathokoza. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana wanga wamkazi, mdzukulu wa telala, anafika zaka 13 asanalowetsepo ulusi pa singano. Batani likathothoka pa yunifolomu, ankalipereka kwa amake. Ndipo bambo, amene tsopano timakhala nawo, anali atayamba kunena kuti makina aja tiwagulitse chifukwa akungodya malo. Mawu amenewa sankandisangalatsa, pakuti ndinkamva kuti sakunena za makina okha.

Tsiku lina ndikuwaperekeza ku chipatala, dzanja lawo linagwera pa kachikopa kaja. Anakapapasa ndi chala chachikulu kuyambira pamwamba mpaka pansi, nati, “Msoko wa m'kati ndi wamoyo. Wafa ndi wapamwambawu. Usapite nako kwa okonza mipando, mabowo alipo kale.” Ndinawafunsa ngati tingaikepo ulusi wofiira monga ndinaonera m'galimoto zina. Anaseka kaye. “Ukudziwa chifukwa chake telala amasankha ulusi wofanana ndi nsalu? Ulusi wakuda pa nsalu yakuda umakhululukira wosoka. Wofiira sukhululuka. Pamene dzanja lanjenjemera, aliyense aona.” Atakhala chete pang'ono anawonjeza kuti, “Maso ndilibe, koma mdzukulu wangayo ali nawo awiri.”

Loweruka lotsatira ntchito inayamba, ndipo mbali yanga inali yochotsa kachikopako m'galimoto. Ndinakoka handibuleki, ndodo n'kuisiya pakati posalowa giya iliyonse. Pa Corolla ya zaka zimenezo mutu wa ndodo umamasuka poupotokolera kumanzere ngati chitsekerero cha botolo. Galimoto zina mutuwu amachita kuukhomera kapena kuumanga ndi kasikuluwu, choncho amene akufuna kuyesa ayambe wafunsa makaniko. Pansi, kachikopa kamagwidwa ndi felemu ya pulasitiki yokhala ndi timano tolowa m'malo mwake. Pulasitiki ya zaka zoposa 20 imakhala youma, sichedwa kuthyoka, motero ndinakulunga kansanza kunsonga ya sikuludiraiva ndi kutukula pang'onopang'ono mbali zonse. Kenaka ndinatembenuzira kachikopako m'mwamba, kunja kukhala m'kati, ndipo ndinamasula pamene kanagwira ndodo. Tisanachite china chilichonse bambo anandiuza kuti ndilembe ndi choko mbali yoyang'ana kutsogolo, chifukwa tizidutswa tinayi tija sitikhala tofanana kutalika. Tinakapukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono. Petulo kapena palafini sizifunika pamenepa, zimaumitsa pulasitiki.

Titakhala pamkeka pakhonde, bambo anamufotokozera mdzukulu wawo m'mene kachikopako kanasokedwera. Pamene zidutswa ziwiri zakumana pali misoko itatu. Woyamba ndi wa m'kati, wosaoneka, umene umagwira zidutswazo. Umenewu sukhudzidwa. Iwiri inayo ili kunja, wina kumanja wina kumanzere kwa polumikizirapo, ndipo ntchito yake ndi kugoneka milomo ya nsalu imene yatsalira m'kati. Imeneyi ndi imene timasintha. Popeza polumikizira panali panayi, mizere yosoka inali 8, uliwonse wotalika pafupifupi masentimita 20. Mabowo anatalikirana mamilimita 4, kutanthauza mabowo 50 pa mzere, onse pamodzi ngati 400. Mtsikana uja atamva chiwerengerochi anandiyang'ana ngati ndamugulitsa.

Kumasula ulusi wakale sikunavute. Makina osokera amagwiritsa ulusi uwiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo awiriwa amakolana pakati pa nsalu. Msoko wotere ndi umene Elias Howe analembetsa ku America mu 1846, ndipo makina a Isaac Singer a mu 1851 ankasoka womwewo. Ubwino wake ndi liwiro, koma ulusi umodzi ukaduka, unzake umatsala wopanda chogwira, msoko n'kuyamba kumasuka. Choncho bambo anati tidule ulusi wa kunsi ndi nsonga ya lezala pa bowo lachinayi lililonse, ndipo wapamwamba unangosololoka wokha. Anatichenjeza kuti lezala isakhudze nsalu ngakhale pang'ono. Nsalu ya thonje ukaibaya ndi singano, bowo limatsekeka lokha, koma pa chikopa ndi pa pulasitiki bowo likabooka ndiye kuti labooka mpaka kalekale. Pa chifukwa chomwechi sitinaboole bowo latsopano ngakhale limodzi. Singano zathu ziwiri tinazinola chobuntha pa simenti ya pakhonde kuti zizingotsata mabowo akale osabaya pambali.

Ulusi tinakagula kwa wokonza nsapato pamsika. Wa thonje, umene timasokera malaya, bambo anaukana chifukwa ndi woonda ndiponso sulimba ndi thukuta. Wa nayiloni ndi wolimba koma umafooka ukamawombedwa ndi dzuwa nthawi yaitali. Wa poliyesitala ndi umene umapirira dzuwa bwino, ndipo ndi umene tinatenga, wokhuthalako pang'ono koma wokwana m'mabowo. Tinaunyowetsa kaye ndi kuupaka pa kansalu koyera kuti tione ngati susuluka. Kenaka bambo anaukoka kawiri pa phula la njuchi kuti usamapotane. Amene alibe phula, kandulo imathandizako. Muyeso wawo unali wakuti ulusi utalike kanayi kuposa mzere umene ukusokedwa, n'kuwonjezerapo pang'ono pogwirira, motero mzere uliwonse tinkaudulira ulusi wokwana mita imodzi.

Msoko umene anamuphunzitsa ndi wa singano ziwiri, wodziwika kwa okonza nsapato ndi osoka zikwama zachikopa. Ndi wakale kuposa makina. Ku Ulaya unali wa osoka zishalo ndi zingwe za akavalo, ndipo kampani ya Hermès, imene inayamba ku Paris mu 1837 ndi ntchito yosoka zingwe zotere, imasokabe zikwama zake zodula ndi msoko umenewu pamanja. Ulusi umakhala umodzi, singano ina kunsonga iyi, ina kunsonga inayo. Umalowetsa pa bowo loyamba ndi kulinganiza kuti mbali zonse zifanane kutalika. Pa bowo lachiwiri imayamba kudutsa singano ya kunja, kenaka ya m'kati imadutsa pa bowo lomwelo kubwerera, osabaya ulusi wa inzake, ndipo umakoka mbali zonse ziwiri ndi mphamvu yofanana. Ukatero mbali iliyonse ya ulusi imayenda kunja ndi m'kati mosinthana, kotero kuti pena pakaduka, mbali inayo imagwirabe.

Chinsinsi chake, malinga ndi bambo, ndi kusasintha dongosolo. Singano imene yayamba pa bowo loyamba iyambenso pa mabowo onse, ndipo yachiwiri izidutsa mbali imodzimodzi ya ulusi nthawi zonse. Ukasintha kamodzi kokha, ulusi wa pamenepo umagona mopingasa, ndipo pa nsalu yakuda ulusi wofiira wopingasa umaoneka ngati dzino lokhota m'kamwa. Kukoka kwambiri kumakwinyitsa nsalu, mwinanso kung'amba pakati pa mabowo awiri. Kukoka pang'ono kumasiya ulusi uli lende, wokola zikhadabo.

Mzere woyamba unamutengera mwanayo ola lathunthu. Bambo sankauona, koma ankautsata ndi chala chachikulu, maso ali kumwamba. Atafika pakati anaima.

“Apa unayamba ndi singano ya m'kati.”

“Mwadziwa bwanji, Agogo? Inu simukuonatu.”

“Chala chili ndi maso ake. Bwerera mabowo atatu, usolole, uyambirenso.”

“Koma ndi pamodzi pokha, Agogo. Palibe amene adzaone.”

“Iweyo udzaona tsiku lililonse ukakwera galimoto imeneyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mkazi wanga.”

Anamutchula choncho monga momwe agogo amasererana ndi zidzukulu zawo, ndipo mtsikana uja anaseka, nasolola. Ine ndinali nditapatsidwa ntchito yogwira kachikopako kuti kakhale kowongoka, ndipo ndinali ndisanamvepo bambo akulankhula nthawi yaitali chotere chiyambire vuto la maso. Anasimba za suti yoyamba imene anasokera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwathu, za usiku umene ankachezera pa nyali ya koloboyi kusoka zovala za ukwati, ndiponso za m'mene ankadziwira kuti munthu wanenepa ngakhale mwini wake akukana. Nkhani zimenezi ine mwana wawo sindinkazidziwa, chifukwa pa khonde paja sankatilola kukhala.

Loweruka limenelo inatheka mizere itatu. Lamulungu masana inatheka itatu ina, ndipo iwiri yotsiriza anaimaliza Lolemba madzulo atabwera ku sukulu. Wotsirizawo unamutengera theka la ola, ndipo bambo ataupapasa sanapezepo chonena. Pothera pa mzere uliwonse sankamanga mfundo, pakuti mfundo imatupa ndipo imamasuka. Ankabwerera m'mbuyo mabowo awiri, n'kutulutsira nsonga zonse m'kati, n'kudula kusiya mamilimita atatu. Ine ndinkayandikizapo moto wa machesi mosamala, ndipo poliyesitala ankasungunuka n'kupanga kamutu kolimba kosatha kudutsa pa bowo.

Pobwezera m'galimoto pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha owerenga asachinyozere, chifukwa chimakhudza chitetezo pamsewu. Kachikopaka kayenera kukhala kotakasuka. Kakakwinyika ndi msoko wothina, kapena kakamangidwa motsika kwambiri pa ndodo, kamakoka ndodoyo, ndipo giya ikhoza kumavuta kulowa kapena kutuluka yokha galimoto ili pa liwiro. Choncho ndinakalowetsa kali kotembenuza, n'kukamanga pamalo pake penipeni pakale, n'kukagwetsera pansi, chizindikiro cha choko chili kutsogolo. Nditabwezera felemu ndi mutu wa ndodo, injini ili yozima, ndinaponda kilatchi ndi kulowetsa magiya onse asanu ndi livesi kangapo, ndikuyang'ana ngati pali mbali imene ikukokeka. Panalibe. Pamenepo m'pamene tinaliza galimoto ndi kuzungulira nayo mpaka pa mlatho wa Shire, bambo ali kutsogolo, dzanja lawo lili pa misoko ya mdzukulu wawo.

Mwina wina afunsa kuti nanga ngati nsalu yeniyeniyo yang'ambika kapena yasweka ndi dzuwa? Pamenepo ulusi wokha suthandiza. Mumasule misoko yonse, tizidutswa takale tikhale patani, mujambule pa katoni ndi kudula tatsopano pa chikopa chofewa chokhuthala ngati milimita imodzi. Chikwama chakale cha amayi kapena jekete lachikopa la pa kaunjika zimakwanira. Kwa ife amene timasamala kuti chikopa ndi cha nyama yanji, ndi bwino kuyang'anitsitsa: cha nkhumba chimadziwika ndi timabowo ta ubweya tokhala titatutitatu, ndipo chimapezeka kawirikawiri m'kati mwa nsapato ndi zikwama zochokera kunja. Cha mbuzi, cha nkhosa kapena cha ng'ombe chofufutidwa bwino chimagwira ntchitoyi.

Kunena zoona, ulusi wofiira sunawonjezere liwiro la galimoto yanga, ndipo mafuta ikumwabe monga kale. Anzanga ena ataona anafunsa kuti ndinalipira zingati, ndipo nditawauza kuti ndi ntchito ya mwana wa zaka 13 sanakhulupirire. Koma phindu lenileni linaonekera m'nyumba. Patapita sabata ziwiri ndinapeza chitenje chija chitachotsedwa pa makina, mtsikana akudontheza mafuta pamene agogo ake akumulozera ndi chala, iwo akumvetsera kulira kwa gudumu kuti adziwe ngati lamba walimba. Panopa amadziikira yekha mabatani, anafupikitsa siketi ya mng'ono wake, ndipo akuphunzira kupalasa makina popanda kudula ulusi. Za kugulitsa makina sizinatchulidwenso.

Makolo anzanga, m'nyumba zathu zambiri muli akuluakulu amene manja awo amadziwa zinthu: kusoka, kuluka mkeka ndi dengu, kusema mpini, kukonza njinga, kufufuta chikopa. Tinawatenga kumudzi kuti tiwasamale, timawapatsa chakudya ndi mankhwala, koma nthawi zina timawakhazika pampando ngati anthu amene ntchito yawo inatha. Ana athu nawo akukula akudziwa kugula chatsopano koma osadziwa kukonza chakale. Sukulu ndi yofunika, ndipo bambo anga sanalakwe kutitumiza kumeneko. Koma mwana wodziwa kuwerenga sachepa akadziwanso kugwira singano, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata. M'mera mpoyamba. Yang'anani pakhomo panu kantchito kakang'ono kamene kakufuna maso a mwana ndi nzeru za agogo, muwakhazike pamkeka umodzi, inuyo mugwire mbali yongothandiza. Luso limene lili m'manja mwa okalamba athu silinalembedwe m'buku lililonse, ndipo nthawi yolitengera ndi ino adakali nafe.